Thumba Losachapa

Mayi Lizzie adapuma pa ntchito mwezi wa Seputembala, atatha zaka makumi atatu ndi chimodzi ali woyendera zaukhondo m'boma. Ophika m'malo odyera a mumzinda wa Lilongwe ankawadziwa ndi chala chawo cha mkombaphala, chomwe ankachiyendetsa kunsi kwa tebulo kenako n'kuchiyang'anitsitsa osalankhula kanthu. Atapuma, chalacho chidasowa kopita, ndiye chidayamba kuyendera nyumba yawo yomwe ya ku Area 10. Amuna awo, a Wilbert, ankauza alendo kuti pakhomopo ngakhale ntchentche imayamba yapukuta mapazi isanalowe.

Lamulo lalikulu la mayiwa lidali la bini ya zinyalala: chalowamo chalowamo basi. A Chikaonda, bambo wachikulire amene ankasamalira maluwa ndi kapinga pakhomopo, adalidziwa lamuloli mowawa. Chaka china adatola m'binimo zigubu ziwiri za mafuta ophikira kuti akazi awo azikatungira madzi kumudzi, kuseri kwa Kauma. Mayi Lizzie adawaimika pa geti theka la ola n'kumawaphunzitsa za tizilombo toyambitsa matenda, ndipo pomaliza adawauza kuti akadzabwereza, ntchito idzathera pomwepo. Chichokereni tsikulo a Chikaonda ankailambalala biniyo ngati mkamwini wakumana ndi apongozi ake panjira.

Lachiwiri lina, kumayambiriro kwa Disembala, Mayi Lizzie adapita ku Area 2 kukagula nsalu ya makatani m'sitolo ya a Ayub. Kumwamba kudali kutada, ndipo matelala a pakhonde adali atayamba kale kukokera makina awo kukhoma. A Ayub ali mkati moyeza nsalu, mayiwa adamva kulira kwakung'ono, kosalekeza, kuchokera kuseri kwa sitolo. Adafunsa kuti n'chiyani.

A Ayub adafotokoza kuti kuseriko kumakhala mphaka wamkazi wopanda mwini. Adafika yekha zaka ziwiri zapitazo, n'kuthetsa makoswe omwe ankaboola mipukutu ya nsalu, koma padalibe munthu ndi mmodzi yemwe amene adamukhudzapo. Masiku khumi apitawo adaswa ana m'thumba lakale la mpunga, pansi pa malata otha ntchito, pafupi ndi ngalande. Koma kuyambira Lamulungu mphakayo sadaonekenso, ndipo matelala ankati adaona mphaka atagundidwa ndi minibasi cha kumlatho. A Ayub adali ataika mkaka m'kambale, koma tianato tidali tisanadziwe kumwa tokha.

Mayi Lizzie adapita kukaona. M'thumbamo mudali tiana tinayi, maso atangotseguka kumene: tiwiri totuwa ta mizeremizere, kamodzi kakuda bii kolira kuposa tonse, ndi kena kakang'ono kwambiri kokhala ndi banga loyera pamphuno. Adayang'ana ngalande, adayang'ana mitambo. Ankaidziwa bwino ngalande imeneyo, chifukwa adailembapo malipoti kangapo. Mvula ikagwa ola limodzi, madzi amasefukira mpaka pamalatapo. Sadaganizenso kawiri. Adanyamula thumba lonse ndi tiana take, n'kuliika m'katoni yomwe a Ayub adawapatsa.

Atafika kunyumba ndi pomwe adaona nthata zikuyenda m'timimba ta tianato, ndipo thupi lawo lonse lidanyansidwa. Adatenthetsa madzi, adatenga sopo wonunkhira maluwa amene mwana wawo Tamando adawatumizira kuchokera ku Joni, n'kusambitsa kamwana kalikonse kawiri. A Chikaonda, amene ankathirira maluwa pafupi ndi mpopi wa panja, adayandikira chipewa chili m'manja, nayamba kunena kuti mwina tiana tating'ono chonchi sitiyenera kusamba. Mayi Lizzie adawadula mawu mwaulemu. Adati za maluwa amawasiyira iwo, koma zaukhondo adaziphunzira kusukulu. Adapukuta tianato, adatigoneka m'beseni pa thaulo loyera, kenako adagwira thumba lija ndi zala ziwiri n'kukaliponya m'bini. Adauza a Chikaonda kuti poweruka atulutse biniyo pa geti, poti galimoto ya zinyalala imabwera Lachitatu m'mawa.

A Wilbert atabwera kuchokera ku ntchito ku Capital Hill adaima pakhomo la khitchini n'kuyang'ana m'besenimo nthawi yaitali.

"Mayi a Tamando," adatero, "mwana wathu tidamukwatitsa kuti tipume. Awa ndiye adzukulu atipatsawo?"

Mayi Lizzie adali kuyesa kumwetsa kamwana kakuda kaja mkaka wa ng'ombe ndi kasupuni ka tiyi.

Pofika Lachitatu masana tiana tonse tidali titatsegula m'mimba. Mayi Lizzie adathamangira nato ku Area 9 kwa dokotala wa ziweto, mtsikana wofatsa dzina lake Fiona. Iye adawauza mosabisa kuti mkaka wa ng'ombe ndiwo wadwalitsa tianato. Mkaka waufa wopangira ana a mphaka udali utatha kwa iye ndi kwa anzake onse amene adawaimbira foni, ndipo wina ukadafika patatha sabata yathunthu. Adawalembera kasakanizidwe kena kongogwirizira, adawapatsa jakisoni wopanda singano womwetsera, nawauza kuti azimwetsa maola awiri aliwonse, usana ndi usiku. Kenako adanyamula kakang'ono ka banga pamphuno kaja, kakugona m'dzanja lake ngati kansanza konyowa. Adati titatu tinato mwina tipirira, koma aka popanda bere la mayi wake sikafika Loweruka.

Mayi Lizzie adamwetsa monga adauzidwira, koma kakang'onoko kankangolavula. Mkaka unkatsikira pachibwano, iwo n'kupukuta, n'kuyesanso.

Lachinayi m'mawa foni idalira. Adali a Ayub, ndipo mawu awo adali okwera. Mphaka uja adali moyo. Wogundidwa kumlatho adali wina. Uyu adatsekeredwa mwangozi m'chipinda chosungiramo katundu cha sitolo yoyandikana nayo, mwini wake atapita kumaliro ku Mangochi, ndipo adatuluka dzulo lake madzulo chitseko chitangotsegulidwa. Tsopano ankazungulira pamalata paja, mawere atatupa, akulira moti makasitomala ankafunsa ngati kuseriko kuli munthu wodwala.

Mayi Lizzie adakhala pansi foni ili m'manja. Masiku awiri onsewo ankadziona ngati wopulumutsa ana amasiye. Tsopano adazindikira kuti adanyamula ana a mayi wamoyo.

Fiona adawabwereka khola la waya lokhala ndi chitseko chomwe chimagwa chokha nyama ikaponda kathabwa ka mkati. Adawachenjeza kuti mphaka wosazolowera anthu sagwidwa ndi manja, ndipo akaphonya kamodzi sadzayandikiranso kholalo. Kubwezera tianato pamalata paja sikukadatheka, chifukwa mvula ya Lachiwiri idali itasandutsa malowo thope lokhalokha. Choncho Mayi Lizzie adakweza khola m'galimoto, adakweza beseni la tiana poti nthawi yomwetsa ikadawapeza konko, adakwezanso a Chikaonda, ulendo wa ku Area 2.

Adatchera khola kuseri kwa sitolo n'kuikamo usipa wokazinga. Mphakayo adali pamwamba pa mpanda wa njerwa, wotuwa, woonda, khutu limodzi long'ambika. Adayang'ana usipa, adayang'ana anthu, osasuntha. Ola lidatha, lachiwiri lidatha. A Ayub adabweretsa tiyi, kenako adabweretsa kachidutswa ka nkhuku ya m'mbale yawo yomwe, koma mphaka adangotembenuza mutu. Telala wina adaseka n'kunena kuti mphaka wa m'tauni ndi wophunzira, safuna za ulere.

Apa a Chikaonda adakhosomola. Adati iwo akuona kuti mphakayo sakufuna chakudya, akufuna ana ake. Adapempha kuti kamwana kakuda kaja kaikidwe m'katoni kumbuyo kwa khola, katoniyo itsekedwe mbali zonse ndi njerwa, kuti njira yofikira pomwe pakuchokera kulirako ikhale imodzi yokha, yodzera m'kholamo. Ulendo uno Mayi Lizzie sadawadule mawu. Adachita zonse monga adanenera.

A Ayub adapita pakhonde n'kupempha matelala kuti aimitse makina. Adatseka wailesi ya m'sitolo, adauza mayi wina amene ankafuna nsalu ya ukwati kuti adikire pang'ono. Anthu onse adabisala kuseri kwa chitseko, n'kumasuzumira pa mpata. Kamwana kakuda kadayamba kulira ndi mphamvu zake zonse.

Makutu a mphaka adaima. Adatsika pa mpanda ngati madzi, adazungulira katoni kawiri, adakanda njerwa, adabwerera m'mbuyo. Kenako adaweramitsa mutu n'kulowa m'khola, mimba ikukhudza pansi. Chitseko chidagwa, phaa! Matelala adaomba m'manja, mayi wa nsalu ya ukwati adaliza nthungululu, ndipo a Ayub adagwira a Chikaonda chanza ndi manja awiri. Mayi Lizzie adaphimba khola ndi chitenje kuti mphaka adekhe. Mtima wawo udali utapepuka koyamba chiyambire Lachiwiri.

Kunyumba adasesa galaja, adatseka mawindo, adaika madzi ndi chakudya pakona. Beseni la tiana adaliika pakati, pa thaulo lina loyera lochapa kumene. Adatsegula khola ndi ndodo yaitali, adatuluka msanga n'kutseka chitseko. Iwo ndi a Chikaonda adaima panja, pa kawindo kakang'ono ka m'mbali.

Mphaka adatuluka pang'onopang'ono n'kulunjika kubeseni. Adanunkhiza kamwana kakuda, adayetsemula. Adanunkhiza kotuwa, adanunkhiza thaulo. Ubweya wa pamsana udaima. Adatulutsa mano, adabwerera chafutambuyo, kenako adalumphira pamwamba pa shelefu pomwe padali matayala akale, n'kubisala kuseri kwake. Tiana tidalira, tidakwawira m'mbali mwa beseni, koma iye sadatsike.

Adadikira mpaka dzuwa lidapendeka. Mayi Lizzie adalowa kawiri kukamwetsa, ndipo ulendo wachiwiri adapeza kuti kakang'ono kaja kasiya kulira. Kankangotsegula kukamwa popanda mawu. Adaimbira Fiona. Iye adati mphakayo ali ndi mantha, malo ndi achilendo, ndipo ana ake sakumveka fungo lomwe iye akulidziwa. Adafunsa ngati pali chilichonse chochokera pamalo pomwe adaswera, kaya kansanza, kaya udzu. Mayi Lizzie adayankha motsitsa mawu kuti padali thumba, koma adalitaya, ndipo galimoto ya zinyalala idadutsa dzulo m'mawa. Kenako Fiona adati apitirize kumwetsa, mwina mphaka asintha maganizo.

Mayi Lizzie adakhala pa sitepe ya khonde n'kumayang'ana manja awo. Adali oyera, zikhadabo zoduladula bwino, akununkhirabe maluwa a ku Joni.

Nthawi yoweruka idakwana. A Chikaonda adasintha zovala, adatulutsa njinga yawo kuseri kwa nyumba, koma sadapite ku geti. Adaima pakati pa bwalo atagwira chiwongolero, n'kumakanda pansi ndi nsonga ya nsapato. Mayi Lizzie adawauza kuti apite, kunja kungawadere panjira.

"Mayi," adatero a Chikaonda, "ndili ndi mlandu."

"Mlandu wanji, a Chikaonda? Lero mwagwira ntchito yoposa yanu."

"Thumba lija silinapite ndi galimoto."

Mayi Lizzie adadzutsa mutu. A Chikaonda adaloza kumbuyo kwa njinga. Pa kaliyala padali chinthu chopindidwa kanayi, chomangidwa ndi mphira za chubu. Adafotokoza mofulumira, maso ali pansi, kuti potulutsa bini Lachiwiri adaona kuti thumbalo n'lolimba, lopanda chibowo ngakhale chimodzi. Akazi awo akhala akudandaula kuti zitsulo za kaliyala zimawapweteka popita kutchalitchi. Mtima udawakanika kusiya thumba labwino chotero kuti likaole kudzala. Lamulo akulidziwa, ndipo sakukana kuti alakwa.

"Ngati n'kusiyana, mayi, tisiyane mawa. Koma lero tianati tiyamwe."

Mayi Lizzie adali ataimirira kale. Funso lomwe lidatuluka pakamwa pawo silidali lomwe a Chikaonda ankaliyembekezera.

"Mwalichapa?"

A Chikaonda adawayang'ana modabwa. "Thumba amachapa, mayi?"

Adamasula mphira zija onse awiri, zala zikupingana. Thumba litatambasulidwa, fungo lake lidawafika m'mphuno: mkodzo, mpunga wakale, fumbi la ku Area 2. Mkati mudali mukadali ubweya wotuwa. Mayi Lizzie adalinyamula kuti athamangire nalo kugalaja, koma a Chikaonda adawaimitsa. Adati manja awo akununkhira ngati munthu wopita ku ukwati, ndipo akagwira tiana ndi manja amenewo ntchito yonse ipita pachabe. Adadzipereka kuti alowe iwo.

Mayi Lizzie adati ayi, adasambitsa ndi iwo, akonzanso ndi iwo. Adagwada m'mbali mwa bedi la maluwa, adapisa manja m'dothi lonyowa losakaniza ndi manyowa a nkhuku, n'kudzipaka mpaka m'zigongono. Kenako adalowetsa manjawo m'thumba n'kuwatikita mkati mwake. A Chikaonda adayang'ana kumbali kuti kumwetulira kwawo kusaoneke.

M'galaja, mayiwa adachotsa beseni ndi thaulo. Adayala thumba pakona ya mdima, pansi pa shelefu, kukamwa kwake kuli kotsegula ngati mphanga. Adatenga kamwana kalikonse n'kukapukuta ndi mkati mwa thumbalo, kumsana, kumutu, kumimba, monga adachitira ndi sopo, koma tsopano mobweza. Kakang'ono adakagoneka pamwamba pa tinzake kuti kamve kutentha. Kuseri kwa matayala maso awiri ankawatsatira.

Adatuluka. Nthawi yomweyo galimoto ya a Wilbert idalowa pa geti, ndipo bamboyo adadabwa kuona akazi awo ali matope mpaka m'zigongono, akuwakupiza dzanja kuti azimitse injini. Adatsika akung'ung'udza kuti munthu wagula nyumba ya galaja koma galimoto yake igona pamvula chifukwa cha mlendo wa khutu long'ambika. Komabe adabwera pa kawindo paja. Mitu itatu idapanikizana pa galasi limodzi.

Kwa nthawi yaitali sipadachitike kanthu. Kenako mphuno idatulukira kuseri kwa matayala, ikugwedera. Mphaka adatsikira pa shelefu ya m'munsi, adaima, adatsikira pansi. Adayenda mokhotakhota mpaka pakona, adanunkhiza m'mphepete mwa thumba nthawi yaitali, adalowetsa mutu. Kamwana kakuda kadalira. Iye adakayankha ndi kamawu kakafupi ka m'khosi, komwe sadakatulutsepo tsiku lonselo, n'kukanyambita pamutu. Adalowa thupi lonse, adazungulira kamodzi, adagona chammbali. Titatu tidakwawira kumimba kwake n'kukakamira.

Kakang'ono kadatsala m'mphepete, kosasuntha.

Mayi Lizzie adagwira mkono wa amuna awo, osakumbukira za matope, ndipo malaya oyera a ku ofesi adadetsedwa. A Wilbert sadaone n'komwe. Mphaka adadzutsa mutu, adatambasula khosi, adagwira kamwanako pakhosi ndi mano n'kukakokera pakati pa miyendo yake yakutsogolo. Adayamba kukanyambita mwamphamvu, mokhala ngati mwaukali, kukagubuduza uku ndi uku. Kamwendo kadagwedezeka. Kukamwa kudatseguka, ndipo ulendo uno mawu adatuluka, aang'ono ngati a kamwanapiye. Mayi wake adakakankhira kumimba ndi mphuno. Kadafufuza, kadaphonya, kadagwa chagada, kadadzukanso.

"Yamwa, iwe," adanong'ona a Wilbert, mpweya wawo ukuchititsa nthunzi pa galasi. "Kumanzere, kumanzereko."

Kadapeza bere. Timapazi take tidayamba kukanyakanya mimba ya mayi wake.

Mayi Lizzie adatembenukira kwa a Chikaonda. Padali zambiri zoti anene, koma zomwe zidatuluka ndi mawu othokoza a kwawo ku Rumphi, omwe ankawasungira masiku akuluakulu okha. Adawerama pang'ono, manja amatope ali pamodzi, n'kunena kuti, "Yewo chomene, a Chikaonda." Za kusiyana sadazitchule tsikulo, ngakhale mawa lake.

Loweruka Fiona adabwera kudzaona, ndipo adapeza kakang'onoko kakukankha kakuda kuti kalande bere. Tonse tinayi tidakula. Patatha miyezi iwiri a Ayub adatenga tiwiri totuwa kuti tizikalondera nsalu, kakuda kadapita kwa mphunzitsi wina wa ku Area 9 dzina lake Joy, ndipo mayi wa tianato adachitidwa opaleshoni yoti asaberekenso. Sadalolebe kukhudzidwa, koma adasiya kuthawa. Madzulo ankatuluka m'galaja n'kukhala pa sitepe ya khonde, mikono iwiri kuchokera pomwe Mayi Lizzie akhala. Kakang'ono ka banga pamphuno sikadapite kulikonse. A Wilbert adati kamwana kamene adakaphunzitsa okha kuyamwa sangakapereke kwa munthu wamba, ndipo adakatcha Kaliyala.

Nkhani idayenda kudzera mwa matelala aja ndi amayi a kutchalitchi. Foni ya Mayi Lizzie idayamba kulira: mlonda wa pa ofesi ina ku City Centre wapeza tiana m'katoni ya mapepala, wantchito wa m'nyumba ina wamva kulira m'denga. Galimoto ya a Wilbert idazolowera kugona pansi pa mtengo wa mango. Aliyense woimba foni mayiwa ankayamba ndi kumufunsa ngati wadikira mokwanira kuti aone ngati mayi wa tianato abwere, kenako ankamulamula, ndi mawu omwe aja ankatsekera malo odyera, kuti chomwe tagonerapo asataye ndipo asachape.

Thumba lija lidakhalabe pakona ya galaja, poti mphaka wa khutu long'ambika sankagona pena paliponse. Pakhoma, pamwamba pake, Mayi Lizzie adamatapo pepala lolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu kuti thumba ili lisachapidwe.

Lamulungu lina m'mawa a Wilbert adazungulira pabalaza kufunafuna khushoni ya pampando wawo wowerengera nyuzipepala. Adafunsa akazi awo, ndipo iwo adayankha ali kukhitchini kuti idapita kukagwira ntchito yofunika. Nthawi yomweyo, pa msewu wafumbi wa kuseri kwa Kauma, a Chikaonda ankapalasa njinga kupita kutchalitchi, akazi awo atakhala pambuyo mowongoka ngati mkwatibwi, pa khushoni yofiira ya mphonje zagolide yomangidwa ndi mphira za chubu.